Funsani Amisiri a Njinga: Chishalo chikundiwotcha, nditani?

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilomoni. Miyezi itatu yapitayo ndinagula njinga ya mpikisano yogwiritsidwapo kale ntchito, ya matayala owonda ija. Loweruka lililonse m'mawa ndimapalasa ndi anzanga kupita ku Chileka n'kubwerera. Miyendo yazolowera, koma chishalo chandikanika. Pakangotha theka la ola ndimamva kuwotcha kutsogolo, kumalo obisika, kenako dzanzi, ndipo ndikafika kunyumba pokodza pamawawa. Mmisiri wina akuti andiikire chishalo chachikulu cha masipuling'i ngati cha akabaza. Mnzanga akuti ndingomangirira siponji. Ndimvere ndani? — Mayi N., Chilomoni

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kunena mosapsatira. Amayi ambiri vuto ili salitchula, amangoitsamiritsa njinga kukhoma mpaka matayala kuphwa.

Zonse ziwiri mwauzidwazo musachite. Chishalo cha akabaza n'chabwino pa njinga ya akabaza, pomwe munthu amakhala chowongoka ngati ali pampando. Pa njinga yanu mumawerama kuti mufikire mahandulo, chiuno chimapendekera kutsogolo, ndipo wozolowera amazunguza mapedulo maulendo 80 kapena 90 pa mphindi imodzi. Chishalo chachikulu chimatchinga njira ya ntchafu, moti pofika pa Kameza mkati mwa ntchafu mudzakhala mutasupuka kale. Za siponjizo, dinani nsima ndi zala ziwiri muone: zala zimalowa, nsima ya pakati pa zalazo n'kutukuka. Siponji imateronso. Mafupa amamira, ya pakati n'kukwera kukafinya malo omwewo akukuwotchaniwo. Mphindi khumi zoyamba mumamva bwino, pambuyo pake ululu umaposa poyamba.

Thupi liyenera kutsamira pa mafupa awiri a m'matako. Khalani pa benchi ya matabwa, ikani zikhatho pansi pa matako, mugwedezeke pang'ono uku ndi uku. Mumva mafupa awiri ozungulira akukudinani m'manja. Ngati kupweteka kuli pamenepo, ngati munthu wakhalitsa pa benchi ya kutchalitchi, musade nkhawa: woyamba kumene amamva zimenezo milungu iwiri kapena itatu, kenako zimatha. Koma kuwotcha ndi dzanzi kutsogolo sikuzolowereka, ndipo musalole wina kukuuzani kuti "mulimbe mtima". Kumeneko kuli mitsempha ya magazi ndi minyewa yomwe ikufinyidwa pakati pa fupa ndi chishalo.

Musanatulutse ndalama, yambani mwakonza kakhalidwe ka chishalo chomwe muli nachocho. Nthawi zambiri vuto limathera pamenepa. Mufunika ma Allen key a 4, 5 ndi 6 (njinga zakale kwambiri zimafuna sipanala ya 13), tepi yoyezera ya atelala, ndi munthu wokugwirirani njinga.

Kutalika poyamba. Imani chopanda nsapato mutatsamira khoma, ikani buku lachikuto cholimba pakati pa miyendo, mulikankhire m'mwamba mwamphamvu monga momwe chishalo chimakankhira, ndipo mnzanu ayeze kuchoka pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 0.883. Ngati mwapeza masentimita 76, yankho ndi 67. Masentimita 67 amenewo muwayeze kuchoka pakati pa bawuti yomwe mikono ya mapedulo imazungulirapo, kutsata paipi ya fulemu, kufika pamwamba pa chishalo. Njira iyi inatchuka ndi Greg LeMond, yemwe anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Ndi poyambira chabe. Tsimikizani motere: khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni; mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Mukabweza phazi pamalo pake, bondo likhala lopindika pang'ono. Chishalo chikakwera kwambiri, chiuno chimagwedera kumanja ndi kumanzere pa kupalasa kulikonse, ndipo khungu limapekesedwa ngati munthu akuchapa pamwala. Auzeni anzanu akuyang'aneni kumbuyo mukupalasa; kugwederako kumaonekera patali. Chikatsika kwambiri, miyendo sinyamulako thupi, kulemera konse kumagwera pachishalo, ndipo kutsogolo kwa bondo kumawawa.

Kenako kupendekera kwake. Imikani njinga pa simenti yosalala, ikani kathabwa pamwamba pa chishalo, pamwamba pake levulo ya amisiri omanga nyumba, kapena ya mu foni. Chishalo chikhale chofanana kutsogolo ndi kumbuyo, apo ayi nsonga itsike digiri imodzi kapena awiri basi. Nsonga ikangodzuka pang'ono, ndiyo imabweretsa kuwotcha mukunenako. Koma musaitsitse mopyola muyeso, chifukwa mudzayamba kutsetsereka n'kumadzikankhira kumbuyo ndi mikono, ululu n'kusamukira m'mapewa ndi m'zikhatho. Nkhani ya kupendekeraku si yaing'ono: bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, UCI, linkaletsa kupendeketsa chishalo kupyola madigiri 2.5, koma kuyambira 2016 linalola kufika madigiri 9 litaona umboni wa mabala omwe opalasa, makamaka amayi, ankakhala nawo. Awo ndi ampikisano omwe amawerama mpaka chibwano kuyandikira mahandulo. Inu simufunika kufika pamenepo.

Pali chinthu china chomwe amisiri ambiri sachiyang'ana: mahandulo. Njinga zambiri zobwera m'makontena zinapangidwira amuna aatali. Mayi akakwera amachita kudzitambasula kuti afikire mabuleki, chiuno n'kugubuduzikira kutsogolo, kuchoka pa mafupa aja n'kukagwera pamnofu. Kafukufuku wa ku Yale University wa mu 2012 anapeza kuti amayi omwe mahandulo awo anali otsika kuposa chishalo ankafinyika kwambiri kumalo obisika ndipo mphamvu ya kumva kukhudza inkachepa. Woyamba kumene akhale ndi mahandulo ofanana msinkhu ndi chishalo. Pa njinga zatsopano, timaringi tomwe tili pamwamba pa khosi la mahandulo timatha kusamutsidwira pansi pake, kapena khosilo kulitembenuza kuti liloze m'mwamba. Ngati khosilo ndi la mamilimita 110, funani la 80 kapena 90. Pa njinga zakale mumamasula bawuti ya pamwamba ndi Allen key ya 6, kuigogoda pang'ono kuti imasuke mkati, n'kukweza, koma osapyola mzere wolembedwa pa chitsulocho.

Musakankhire chishalo kutsogolo pofuna kufikira mahandulo. Mukatero mawondo ndiwo amalipira. Malo a chishalo mumawapeza poimika mapedulo mopingasa, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kulendewetsa ulusi womangirira nati kuchoka pansi pa fupa la bondo lakutsogolo. Ulusiwo udutse pafupi ndi pakati pa pedulo.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mamilimita atatu kapena asanu, ndipo muzimata tepi yakuda ya amagetsi pa paipi kuti mudziwe pomwe munali. Mukasintha zitatu tsiku limodzi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Zonsezi zikakanika, ndiye kuti chishalocho si cha thupi lanu, ndipo tikukayikira kuti n'chopyapyala. Zishalo zambiri zomwe zimabwera ndi njinga zakale za mpikisano n'za mamilimita 130 kapena 135 m'lifupi. Mafupa a amayi ambiri ndi otalikirana kuposa a amuna, choncho pachishalo chotero amalendewera m'mbali, n'kusiya mtunda wa pakati ukunyamula thupi lonse.

Kuyeza mafupawo sikufuna makina. Pezani katoni yokhala ndi mizere mkati ngati malata, monga ya sopo kapena ya mafuta ophikira, yosanyowa komanso yosaphwanyika. Iikeni pa sitepe ya simenti. Valani chovala chopyapyala, osati jinzi. Khalani pakatonipo, mapazi muwaike pa njerwa kuti mawondo akwere, weramirani kutsogolo pang'ono ngati mwagwira mahandulo, ndipo gwirani m'mphepete mwa sitepe n'kudzikokera pansi kwa theka la mphindi. Dzukani molunjika osadzikhwekhwereza. Muona timaenje tiwiri. Ngati sitikuoneka bwino, pakani choko chogoneka kapena makala pamwamba ponse, timaenjeto titsala toyera. Ikani kadontho pakati pa kalikonse, muyeze ndi rula. Bwerezani katatu pa makatoni atatu, mutenge nambala yapakati. Amayi ambiri amapeza pakati pa mamilimita 110 ndi 150. Onjezani mamilimita 20, ndipo nambala yotulukayo ndiyo m'lifupi mwa chishalo chanu. Mwachitsanzo, kampani ya Specialized imapanga zishalo za mamilimita 143, 155 ndi 168: wopeza 120 atenge cha 143, wopeza 132 atenge cha 155. Mukagwera pakati pa masaizi awiri, tengani chokulirapo, popeza woyamba kumene sawerama kwambiri. Ndipo musayese ndi maso. Kukula kwa matako sikunena kanthu za mafupa: mayi wodzaza thupi amatha kukhala ndi mafupa oyandikana, kamtsikana kowonda n'kufuna chishalo cha 168.

Tsopano kapangidwe. Popeza vuto lanu lili kutsogolo, funani chishalo chokhala ndi bowo lalitali pakati kapena kangalande kozama, ndiponso chachifupi. Zishalo zakale n'zotalika mamilimita 270 mpaka 280. Zamakono za nsonga yaifupi, monga Specialized Power, zimathera cha m'ma 240, moti mukawerama palibe chokubayani. Apa pali chenjezo lomwe ogulitsa sanena: bowo silithandiza mayi aliyense. Kwa ena mnofu umalowa m'bowomo n'kutupa, ndipo m'mphepete mwake mumadula ngati m'mphepete mwa ndowa. Yendetsani chala m'mbali mwa bowolo. Mukamva ngodya yakuthwa, chisiyeni. Amene amatupa amapeza bwino pa chishalo cha kangalande, kapena chomwe bowo lake linatsekedwa ndi kansalu kofewa, monga mtundu wa Mimic wa kampani yomweyo. Maina ena odziwika ndi Selle Italia, yomwe ili ndi Lady ndi Diva, komanso Terry, Liv ndi Bontrager. Mawu akuti "women" pachishalo musawatenge ngati lamulo. Amayi ena amakhala bwino pa zishalo zogulitsidwira amuna, bola m'lifupi mukhale moyenera.

Kufewa kwake yesani ndi chala chachikulu pomwe pamakhala mafupa. Chala chilowe pang'ono, chikumane ndi kulimba, ndipo mukachichotsa malowo abwerere msanga. Chikafika mpaka pa pulasitiki, chishalocho chinatha. Pewani chokhala ndi misoko kapena zilembo zopetedwa pamwamba. Ulusi womwe m'sitolo suoneka kanthu umasanduka lumo mukapalasa makilomita 30. Yang'ananinso kumbuyo kwake: chishalo chotsetsereka kwambiri m'mbali ngati msana wa bulu chimakhala chopyapyala kuposa momwe rula ikunenera.

Ngati mukugula chogwiritsidwapo kale ntchito kwa ogulitsa zipangizo za njinga mu msika wa Limbe kapena wa Ndirande, nyamulani rula m'chikwama. Chitembenuzeni muone tizitsulo tiwiri ta pansi: tikhale towongoka, tofanana, topanda dzimbiri pomwe timalowa m'pulasitiki. Chigwireni kutsogolo ndi kumbuyo muyese kuchipotokola. Chikalira kapena kugwedera, pali mng'alu. Chishalo chopindikira mbali imodzi chifukwa njinga inagwapo chimapweteketsa chiuno ndi msana mbali imodzi, munthu n'kumadabwa. Chikopa chong'ambika chimamwa madzi a mvula n'kumanyowetsa kabudula mlungu wathunthu. Tizitsulo ta zishalo zambiri n'tozungulira, ta mamilimita 7, ndipo timakwana pafupifupi pa njinga iliyonse. Ta carbon, chipangizo chopepuka chosakhala chitsulo, n'tobulungira ngati dzira, 7 kwa 9, ndipo sitilowa pa zomangira zina, kutikakamiza n'kutiphwanya. Inu simukutifuna n'komwe, tachitsulo n'tokwanira.

Mukamanga chatsopanocho, yezaninso kutalika, pakuti zishalo zimasiyana msinkhu ngakhale ndi sentimita yathunthu. Pakani girisi pang'ono pa mabawuti, ndipo chomangira chigwire pakati pa mizere yolembedwa pa tizitsulo. Chipatseni maulendo atatu kapena anayi a ola limodzi musanachiweruze, kupatula ngati dzanzi labweranso tsiku loyamba lomwe. Zolowerani kuimirira pa mapedulo masekondi khumi kapena makumi awiri pa mphindi khumi zilizonse kuti magazi ayende. Zitunda za Blantyre zimakupatsani mpata umenewo mosavuta. Pa mahampu ndi m'maenje dzutsani matako, miyendo ndiyo ilandire kugunda.

Za kuwawa pokodza: kukakhala kwa kufinyika chabe, kumatha tsiku lomwelo. Kukapitirira masiku awiri, kapena mukamakodza pafupipafupi, mkodzo wamagazi, kapena thupi kutentha, pitani kuchipatala akakuyezeni mkodzo, chifukwa atha kukhala matenda a m'chikhodzodzo. Dzanzi lomwe lagona mpaka m'mawa nalonso n'lofunika dokotala, ndipo njinga iyambe yapuma.

FUNSO: Ndinapeza kabudula wa opalasa njinga, wa siponji mkati, pa kaunjika. Ndimavala panti mkati, pamwamba jinzi chifukwa anthu kwathu kuno amayang'anitsitsa. Tsopano ndatuluka tizithupsa tiwiri m'mphechepeche. Kodi ndi kabudulayu? — Mtsikana wa ku Zingwangwa

YANKHO: Achemwali, wolakwa wamkulu ndi panti ndi jinzi. Kabudula ameneyu anasokedwa kuti avalidwe yekha, popanda kanthu mkati. Tikudziwa kuti zimamveka zachilendo, koma kansalu ka mkatimo n'kopanda msoko ndipo kamachotsa thukuta pakhungu. Panti wa thonje amasunga chinyezi, amakwinyika, ndipo lamba wake wa m'mbali amadutsa ndendende pomwe ntchafu imapindikira. Jinzi ndiye ili ndi mfundo ya misoko inayi pakati penipeni, pamalo omwe mumakhalira. Thukuta, kupekesa ndi kutentha zikakumana, timabowo ta tsitsi timatseguka, tizilombo n'kulowa. Chithupsa chimayamba choncho.

Za maso a anthu tikuzimvetsa. Valani siketi yaifupi yopepuka kapena kabudula wotaya wa masewera pamwamba pake, wopanda msoko wokhuthala pakati. Chitenje ayi: chimakodwa pa nsonga ya chishalo potsika, ndipo chikalowa mu tcheni kapena m'masipoko mumagwa.

Kabudulayo akhale wothina bwino kuti siponji isamayendeyende. Wotaya amapekesa kuposa kusavala n'komwe. Wa pa kaunjika muuyang'anitsitse: siponji yophwatalala, youma ngati chikopa kapena yosomphoka ulusi ntchito yake inatha. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kugula chatsopano pa zovala za njinga, ndi chimenechi, ndipo funani wa amayi, popeza siponji yake n'njotambalala kumbuyo komanso ilibe mtunda pakati. Muchape ulendo uliwonse ndi sopo wosanunkhira, mutsukuluze bwino, muyanike padzuwa mkati muli kunja mpaka aumiretu. Nyengo ya chiperoni zovala siziuma msanga, choncho kukhala ndi awiri kumathandiza. Mukafika kunyumba vulani nthawi yomweyo n'kusamba. Kukhala pakhonde n'kumacheza mutavala kabudula wonyowa thukuta, makamaka mu Okutobala, ndiko kumabala tizithupsa tambiri.

Pa maulendo opitirira ola, pakani mafuta ochepetsa kupekesa m'mphechepeche, kunja kokha. Alipo opangidwira opalasa njinga, koma vaselini pang'ono amagwira ntchito, ngakhale amavuta kuchapa. Kumeta ndi lezala tsiku loti mawa mupalasa musiye. Madokotala a timu ya njinga ya Britain analangiza amayi a timuyo kuleka kumeta kumeneko pokonzekera masewera a Olympic a ku Rio mu 2016, chifukwa tsitsi limatchinjiriza khungu ndipo lometedwa limamera chobwerera mkati. Kudulira ndi sizasi n'kokwanira. Masiku a kumwezi, thewera la padi limakwinyika n'kupekesa. Ambiri amapeza bwino ndi tamponi kapena kakapu kolandira magazi mkati, apo ayi fupikitsani ulendo.

Tizithupsa muli natoto musatifinye. Siyani njinga masiku atatu mpaka asanu, muzithowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kawiri kapena katatu patsiku, ndipo muzivala zotaya. Kakakula, kakafiira mozungulira, kakayamba mafinya ambiri kapena mukamva malungo m'thupi, pitani kuchipatala. Tikamabwerera malo amodzimodzi mbali imodzi, onetsetsani ngati chishalo sichinakhote kapena kukwera kwambiri; tikamatuluka kawirikawiri, kayezetseninso shuga.

FUNSO: Ine ndi mkazi wanga timabwerekana njinga imodzi. Iye amadandaula ndi chishalo changa, ine cha iye sindichifuna. Kumasula n'kumanga Loweruka lililonse kwatitopetsa. — Bambo wa ku Machinjiri

YANKHO: Bambo, gulani paipi yachiwiri ya chishalo. Aliyense akhale ndi paipi yake, chishalo chake chomangidwiratu pa kupendekera kwake, ndi tepi yosonyeza pomwe imalekezera. Posinthana mumangomasula bawuti imodzi ya pa fulemu, kusolola, kulowetsa ina. Mphindi imodzi yakwana. Kumasulamasula chomangira cha pansi pa chishalo kumadya mano ake, ndipo tsiku lina chishalo chimadzadzuka chokha mukagunda hampu.

Paipiyo ikhale ya saizi yeniyeni ya fulemu yanu. Sololani yomwe ilipo, mupukute girisi, muwerenge nambala yodindidwa chakumunsi kwake: zofala ndi mamilimita 27.2, 30.9 ndi 31.6. Ya 27.0 pa fulemu ya 27.2 imatsetsereka ngakhale mumange motani, ndipo kuikamo chidutswa cha chitini, monga amachitira ena, kumatha kung'alula fulemu. Paipi ilowe kupyola mzere wa malire wolembedwa pamenepo. Pakani girisi pang'ono ngati fulemu ndi yachitsulo kapena aluminiyamu. Pa carbon pali phala lake lapadera, girisi wamba ayi. Bawuti ya pa fulemu sifuna mphamvu zambiri, nthawi zambiri 5 kapena 6 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) monga zimalembedwa pa kolala yake. Mangani ndi mbali yaifupi ya Allen key ili m'dzanja mpaka paipi isiye kutembenuka mukaipotokola.

Njira iyi imagwira ngati misinkhu yanu siyikusiyana kwambiri. Mayi akaima pansi njinga ili pakati pa miyendo, pakhale mpata wa masentimita awiri kapena atatu pakati pa thupi ndi paipi ya pamwamba ya fulemu, ndipo akagwira mabuleki zigongono zikhale zopindika pang'ono. Ngati akuchita kunyanyamphira, fulemuyo yamukulira, ndipo ndalama ya paipi yachiwiri ndi bwino muisungire njinga ya saizi yake.